Wometa Wobadwira m'Kompyuta

Burashi anali munthu woti ukamupatsa moni wokoma kwambiri, amayamba wagwira m'thumba kuona ngati makiyi alimo. Zaka makumi awiri ndi zisanu zolemba zikwangwani zinamuphunzitsa kuti munthu samwetulira pachabe. Dzina lakuti Burashi anamupatsa ndi anzake a pamsewupo chifukwa cha kaburashi kamene sikankachoka pakhutu pake, ngakhale pamaliro.

Shopu yake inali chipinda chimodzi chachitali, chonunkha penti ndi palafini. Kutsogolo, pafupi ndi zenera, kunali benchi lake, zitini zosatseka bwino, ndi zikwangwani za anthu amene anasintha maganizo. Kumbuyo kunali tebulo la mkazi wake, Mayi a Mapasa, amene ankadula magalasi ndi kukhoma mafelemu. Ukaima pazenera umaona msewu, ndipo kutsidya kwa msewuwo umaona khomo la Wometa.

Chaka chimenecho eni ake a holo yatsopano ya maukwati anabwera kudzafuna chithunzi cha pakhoma, kumbuyo kwa mipando ya akwati. Anati asajambule maluwa, asajambule nkhunda, asajambule mphete. Ankafuna chinthu chimene diso silinaonepo. Burashi anajambula zitatu, zonse anazikana. Wina mpaka anati chachitatucho chikufanana ndi chikwangwani cha butchala, zimene zinali zoona, koma si zonena.

Apa m'pamene anatulukira mlamu wake, mng'ono wa Mayi a Mapasa, mphunzitsi wa zamakompyuta. Anabwera ndi kompyuta yathyathyathya, yongogwira ndi chala pagalasi, n'kuitsamiritsa pa shelefu pakati pa benchi ndi tebulo.

"Alamu, kujambula mwalephera. Tsopano muweta."

"Ndiweta chiyani, akalulu?"

"Zithunzi."

Pagalasipo panali tizithunzi makumi awiri ndi tinayi, tonse tachabechabe: mizere, tozungulira, tosongoka, mitundu yotayika ngati mwana wagwetsa zitini.

"Chithunzi chilichonse chili ndi manambala ake m'kati," anatero mlamuyo. "Tingoti ndi magazi ake. Inu musankhe zimene zakukomerani. Kompyuta itenga manambala ena kwa ichi, ena kwa icho, n'kuphatikiza, pabadwa ana makumi awiri ndi anayi. Zosasankhidwa zimafa opanda mwana. Mwa anawo musankhanso. Mibadwo ikamapita, zoipa zimatha, zokoma zimachuluka."

Anaika chala pa kachithunzi kena, kanakula n'kudzaza galasi lonse, chalacho chikadali pomwepo iye akulankhula.

"Ndiye ine ndakhala nkhoswe ya zithunzi," anatero Burashi. "Nanga chatsopano chichokera kuti, ngati ana akungotengera makolo?"

"Funso lanzeru, mwadya chiyani lero? Nthawi zina kompyuta imalakwitsa dala nambala imodzi. Mwana amabadwa ndi kanthu kamene bambo alibe, mayi alibe."

"Aaa! Mwana wotero sitifunsa kompyuta. Timayang'ana nyumba yoyandikana nayo."

Mayi a Mapasa anamugenda ndi kansanza kopukutira magalasi. Burashi anaseka mpaka kaburashi kanagwa pakhutu. Mlamuyo ananenanso kena kake kokhudza zala, koma munthu amene akuseka nthabwala yake samva za anzake.

Anagawana ntchito. Burashi azisankha m'mawa, manja asanade ndi penti. Mayi a Mapasa azisankha masana, mwamuna wake atapita kukakhoma zikwangwani.

Sabata yoyamba zinayenda bwino. Burashi anakonda mtundu wina wa zithunzi za mafunde obiriwira odutsana ndi agolide, ndipo ankazikanikiza ndi chala mwamphamvu, nthawi yaitali, monga anaonera mlamu wake akuchitira. Mafundewo anaberekana, ana n'kumaposa makolo. Mumtima anavomera kuti kamakinaka kali ndi mutu, ngakhale pakamwa ankati n'choseweretsa.

Lachiwiri la sabata yachiwiri, pa m'badwo wa khumi ndi chiwiri, kukona ya kumanzere kunabadwa kachithunzi kachilendo. Kanali ndi chozungulira chachikulu chowala pamwamba, tozungulira tiwiri pakati, ndi kanthu kakuda kosongoka m'munsi. Burashi sanakakanikize ngati posankha. Anangokagogoda pang'ono kuti kakule aone bwino.

Atakweza maso, kutsidya kwa msewu kunali Wometa, ataima pakhomo pake akukutumula thaulo. Dazi likuwala padzuwa. Magalasi ozungulira. Ndevu za mbuzi zosongoka pachibwano.

Burashi anayang'ana galasi, anayang'ana zenera, anayang'ananso galasi. Anabwezera kachithunziko pamalo pake, n'kukagogodanso. Anatero kanayi. Kenaka anaseka yekha, nakanikiza mafunde ake, n'kupita kuntchito.

M'mawa mwake ometa analipo atatu.

Anawagogoda onse mmodzimmodzi. Wina anali ndi dazi lofiira, wina magalasi opendekeka, koma magazi anali amodzi. Lachinayi analipo asanu ndi awiri, ndipo wina anali atayamba kumera makutu. Burashi anaima pamenepo ola lathunthu, tiyi akuzizira, chala chikuyenda kuchoka pa dazi ili kupita pa dazi ilo.

Masamu ake anali osavuta. Osankha analipo awiri. Iye ankasankha mafunde. Chosasankhidwa chimafa opanda mwana, anatero mlamu. Ndiye ometawa akuwaberekesa ndani masana?

Anayamba kukumbukira zinthu. Munthu akafuna kukumbukira, zinthu zimabwera zitapanga mzere. Galasi la Wometa linasweka kawiri chaka chimodzi, ndipo kawiri konse Mayi a Mapasa anawoloka msewu ndi tepi kukayeza khoma. Khoma limakula kodi? Tebulo la mafelemu, limene kale linkayang'ana kukhoma, analitembenuza kuti liyang'ane kuzenera, ati kuwala. Zaka zonsezi kuwala kunali kuti?

Lachisanu anaganiza zokaona mdani pafupi. Tsitsi linali lisanakule, komabe anawoloka.

"A Burashi! Lero mvula igwa. Khalani, akulu, khalani."

Wometa anamukulunga nsalu m'khosi, n'kumanga mfundo imene Burashi anaiona kuti yathina dala.

"Kunyumba kuli bwanji? Mayi a Mapasa?"

"Mumawaona tsiku lililonse pazenera. Mukundifunsiranji ine?"

"Mwambo chabe, akulu. Ndamva mwagula makina ojambula okha. Ndiye inu mupuma?"

"Wakuuzani ndani?"

"Nkhani zimayenda. Pampando pano pamakhala anthu ambiri."

Mashini ometera analira pafupi ndi khutu. Burashi anayang'ana pagalasi, galasi limene mkazi wake analidula ndi manja ake, n'kuona dazi, magalasi ndi ndevu zikuyandama pamwamba pa mutu wake, chimodzimodzi m'badwo wa makumi awiri ndi chitatu.

"Wometa wadazi," anatero Burashi. "Zili ngati wosoka woyenda maliseche."

"Ndiye bwino, akulu. Sindichitira nsanje tsitsi la munthu." Wometa anatsegula lezala. "Ndevuzi tichotse?"

"Zisiyeni."

"Akazi amakonda pachibwano posalala."

"Inu mukudziwa bwanji zimene akazi amakonda, ndi ndevu za mbuzizo?"

Wometa anaseka mpaka anavula magalasi kupukuta misozi. Burashi anatuluka mutu uli mbee, mtima uli bii.

Lolemba masana ananyamula makwerero ngati akupita kukakhoma chikwangwani, anazungulira kuseri, n'kulowera khomo lakumbuyo. Anabisala kuseri kwa chikwangwani chachikulu cha sukulu yoyendetsa galimoto imene inatsekedwa isanatsegulidwe. Bambo wa ana awiri, mawondo akulira, atanyonyomala pakati pa zitini.

Mayi a Mapasa anapukuta manja, n'kuima patsogolo pa kompyuta. Burashi ankangoona msana wake. Panapita kanthawi, kenaka mkaziyo analankhula motsitsa mawu.

"Wabweranso iwe? Sutopa? Maso akowo, iwe, undiphetsa."

Burashi analuma chala. Chinali ndi penti, koma sanamve kuwawa kwake.

Sabata imeneyo sanadye bwino. Mkazi akamufunsa chavuta n'chiyani, ankati palafini wamulowa m'mutu. M'mawa uliwonse ankafika msanga kudzawerenga adani ake ndi chala. Mafunde agolide ankachepa: asanu, atatu, limodzi. Pofika m'badwo wa makumi anayi, tizithunzi tonse makumi awiri ndi tinayi tinali Wometa. Wometa wobiriwira, Wometa wagolide, Wometa wovala mafunde a Burashi ngati kolala.

Loweruka m'mawa anaimbira mlamu wake kuti makina avuta. Mlamuyo atafika, Burashi anatseka chitseko cha shopu, n'kutembenuza kachikwangwani koti tatseka.

"Mlamu, makina akowa amasunga mbiri? Woti uyu anabala uyu, anasankha ndi uje?"

"Amasunga zonse, ndi nthawi yomwe. Bwanji, alamu? Nkhope ngati mwamwa penti."

"Tsegula. Achemwali akowa amve ali pomwepa."

Mayi a Mapasa anaika pansi chodulira magalasi. "Bambo a Mapasa, n'chiyani?"

"Mundifunsa ine? Funsani bwenzi lanu ili." Analoza galasi, kenaka analoza zenera. "Zaka makumi awiri ndi ziwiri tili limodzi. Galasi lake kukaliyeza kawiri, tebulo kulitembenuzira kuzenera, zonsezo ndinaziona. Mukanandiuza pakamwa. Koma kumuweta mwamuna wina m'shopu yanga, pamagetsi anga, mpaka adye mafunde anga?"

Mlamu anatsegula pakamwa kuti aseke, koma ataona nkhope ya mkulu wake anatseka. Mayi a Mapasa anayang'ana kutsidya kwa msewu, kumene Wometa ankasesa tsitsi pakhonde osadziwa kuti ali pamlandu. Atatembenuka, mawu ake anali ozizira ngati galasi.

"Ndiye n'chifukwa chake sabata yonse mukundiyang'ana ngati ndakubereni nkhuku. Chabwino. Tsegula, mng'ono wanga. Chikapezeka chala changa pa chithunzi chimenechi ngakhale kamodzi, ndinyamula chodulira changa ndi zovala zanga lero lomwe, simudzandionanso. Koma chikapanda kupezeka, chonena ndi changa."

Burashi sanayembekezere zimenezi. Iye ankayembekezera misozi, kapena kukana kwa phokoso. Sanaganize kuti sutikesi ingatchulidwe msanga chonchi. Anayang'ana tebulo la mafelemu n'kuliona lopanda munthu, ndipo sanakonde zimene anaona. Koma mawu anali atatuluka kale.

"Tsegula," anatero, mawu atachepa.

Pagalasi panaoneka mtengo wa mibadwo, nthambi zikutsika kuchoka kwa makolo kupita kwa ana. Mlamu anakwera nawo ndi chala mpaka pa m'badwo wa khumi ndi chiwiri.

"Gogo wawo ndi uyu. Bambo ake ndi mafunde, mayi ake ndi mizere. Dazili ndi nambala yolakwika ija ndinakuuzani. Akanafa tsiku lomwelo. Koma wina anamusankha kanayi."

"Mwamva?" anatero Burashi.

"Lachiwiri, seveni koloko ndi mphindi khumi m'mawa."

Panja wina anaimba belu la njinga.

"Lachitatu, anasankhidwa kakhumi ndi kamodzi, m'mawa. Lachinayi, makumi atatu ndi kawiri, m'mawa. Alamu, Lachinayi munagwirako ntchito ina?"

"Bodza! Ine sindinamukanikizepo. Ndinkangogogoda kuti ndione."

"Kugogoda, kukanikiza, kusisita, zonse ndi voti. Ndinakuuzani tsiku loyamba: chala chimodzi ndi kusankha, mukafuna kungoona mutambasule ndi zala ziwiri."

"Sunanene."

"Ndinanena. Inu munali kalikiliki kuseka za nyumba yoyandikana nayo." Mlamu anatsitsa mndandanda. "Mafunde anu mumawapatsa voti imodzi patsiku. Mwamunayu mumamupatsa makumi atatu. Kompyuta ilibe nsanje, alamu. Imangoona chimene chala chikubwererako, n'kuti bwanayu wakonda, timuberekere ambiri."

"Nanga masana?" Burashi anagwira udzu womaliza. "Onetsa masana."

Masana onse anali mafunde. Tsiku ndi tsiku, mafunde obiriwira ndi agolide, ngakhale pamene linatsala limodzi lopunduka kukona. Pa dazi panalibe voti ya masana ngakhale imodzi.

"Koma ndinakumvani ndi makutu anga," anatero Burashi kwa mkazi wake. "Lolemba. Wabweranso iwe, sutopa, maso akowo."

"Munali kuti Lolemba kuti mundimve?"

Burashi anayang'ana chikwangwani cha sukulu yoyendetsa galimoto. Mkazi wake anachiyang'ananso, ndipo anamvetsa.

"Ndinkanena kadzidziyu," anatero Mayi a Mapasa.

"Kadzidzi uti?"

"Uyu. Mutu wozungulira, maso awiri, mlomo wosongoka. Masabata awiri ndikulimbana naye. Ndani angapachike kadzidzi kumbuyo kwa akwati? Ndinkangoti mwina mwamuna wanga waona luso limene ine sindikuliona, ndisamukhumudwitse. Kani mwamuna wanga akuona Wometa."

Mlamu anayesa kudzigwira, koma zinamukanika. Anakhala pa chitini cha penti, akugwira nthiti. "Achemwali, musadandaule. Pa banja lino alipo amene amadzuka m'mawa kudzasisita dazi la Wometa, koma si inu."

Mayi a Mapasa sanaseke. Anatenga kansanza n'kuyamba kupukuta tebulo limene linali loyera kale.

"Galasi lake ndinayeza kawiri chifukwa ulendo woyamba munalemba manambala ndinu, n'kulakwitsa. Tebulo ndinatembenuza chifukwa maso ayamba kufooka, ndipo sindinafune kuti mudziwe kuti ndakalamba. Pali china mwasunga? Tulutsani lero, mlamu wanu alipo."

"Palibe, Mayi a Mapasa."

"Mwati chonena ndi changa."

"Sindinati..."

"Munatero pamene munati tsegula."

Chigamulo chinali chachifupi. Mlamu abwezere makina ku m'badwo wa khumi ndi chimodzi, mafunde ayambirenso, ndipo wosankha akhala Mayi a Mapasa yekha, m'mawa ndi masana omwe. Koma asanafufute, asindikize mmodzi wa m'badwo wa makumi anayi, wamkulu ngati chitseko cha kabati.

Felemu anakhoma yekha, yamtengo wabwino, ngodya zake zogwirana bwino koposa mafelemu onse amene anapangapo. Anakhomera chithunzicho pamwamba pa benchi la Burashi, pamene diso limagwera munthu akangokweza mutu.

"Chikhala pamenepo mpaka tsiku limene mudzaone kadzidzi," anatero. "Kufikira tsikulo, tiyi wanu muziphika nokha, ndipo mukafuna kundilankhula muzilankhula za ntchito."

"Ndamuona kale. Ndi kadzidzi uyu."

"Mukunama. Mwayang'ana kuzenera musanayankhe."

Sutikesi sinatuluke, koma masabata awiri otsatira m'shopumo munali ngati mu ofesi ya boma. Ndipatseni tepi. Nayi tepi. Mafunde anakula bwino m'manja mwa Mayi a Mapasa, ndipo pa m'badwo wa makumi atatu eni holo anabwera, anaima nthawi yaitali, n'kunena kuti chimenechi ndiye. Burashi anachijambula pakhoma la holo masiku asanu ndi limodzi, ndi burashi yeniyeni, ndipo anthu ankaima pakhomo kuonerera.

Koma akabwerera pabenchi lake, chinthu chija chinkamudikira. Ankachiyang'ana atatsinzina diso limodzi. Ankachiyang'ana atapendeketsa mutu. Tsiku lina anachiyang'ana mozondoka kudzera m'botolo la palafini. Nthawi zina, kwa kamphindi, ndevu zinkasanduka mlomo wa mbalame, koma akangophethira magalasi ankabwerera.

Lachitatu lina masana, chitseko chinatseguka, n'kulowa Wometa mwiniwake, atanyamula chikwangwani chake chimene zilembo zinali zitafufutika.

"A Burashi, ndidzozereni ichi, anthu ayamba kuganiza kuti ndimagulitsa makala. Mayi a Mapasa, mwaswera bwanji?"

"Ndaswera, kaya inu," anayankha mkaziyo osakweza mutu.

Wometa anaika chikwangwani pabenchi, n'kuona chithunzi. Anabwerera m'mbuyo masitepe awiri. Anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. Anagwira ndevu zake. Kumbuyo, chodulira magalasi chinaima pakati pa mzere.

"Ndiye za makina zija?" anatero Wometa. "Mwanditopetsa nazo pamsewu wonse, makina anga, makina anga, mpaka makasitomala anga akuzidziwa. Koma ayi, ali ndi luso. Kadzidzi ameneyu ngati alankhula. Kungoti wakwiya. Mwamumana chakudya?"

Anaseka yekha, n'kutuluka.

Burashi anatsala akuyang'ana chitseko. M'mutu mwake kanabadwa kafunso kakang'ono, kukona ya kumanzere: wamuuza ndani kuti ndi kadzidzi? Anakamva kakugwedezeka, kakufuna kukula. Anayang'ana zenera, anayang'ana msana wa mkazi wake. Kenaka analowetsa manja onse awiri m'matumba, n'kukweza maso pakhoma.

Anayang'ana nthawi yaitali.

"Mayi a Mapasa," anatero, "makutu aja si makutu. Ndi nthenga."

Mkaziyo anamaliza kudula mzere wake, anathyola galasi mwaukhondo, n'kuliika pambali. Anamuyang'ana mwamuna wake kuyambira kumaso mpaka m'matumba momwe munali manja.

"Chithunzi chikhala pomwepo," anatero. "Ketulo ili kuti?"